MTIMA WA MNZAKO NDI TSIDYA LINA: MAYESO A SALLY NDI NKHANI ZATHU ZA KU DZALEKA

Lachinayi lapitali, pa msonkhano wathu wa alembi, mnzathu wina wa chaka chachitatu anatiwerengera nkhani yake yonena za mayi wothawa nkhondo amene akukhala ku Dzaleka. Atamaliza, anthu anawomba m'manja kwa nthawi yaitali. Ine sindinanene kanthu, ndipo potuluka mlembiyo anandifunsa ngati nkhani yake inandiipira. Ndinalonjeza kuti ndidzayankha polemba, popeza pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Yankho lija ndi ili. Ndikuliika poyera chifukwa chilema chimene ndinachiona si cha iye yekha ayi. Chaka chino tamva nkhani zitatu za Dzaleka, ndipo zonsezo zikutsimphina mwendo umodzimodzi.

Tiyambe ndi zokoma. Chichewa cha mnzathuyu ndi chosalala, ndipo maso ali nawo. Mphepo ya mu Juni yotsika m'mapiri a Dowa tinaimva ikulowa m'mafupa. Mzere wa zigubu pa mjigo tinauona. Nyumba za zidina zopanikizana, zosiya kanjira kongokwana munthu mmodzi, tinadutsamo naye. Vuto lili mwa mayiyo. Wachokera ku Bukavu ndi ana awiri, mwamuna wake adatsala m'mbuyo. Koma kuyambira tsamba loyamba mayiyu akudziwa kale kuti mwamunayo adaphedwa, ngakhale palibe amene wamuuza. Akudziwa kuti pa msasapo adzakalambira pomwepo. Akudziwa chiwerengero cha anthu okhala pamenepo ndiponso lamulo lomuletsa kukafuna ntchito mumzinda, chikhalirecho wafika dzulo. Chilichonse chimene mlembi akudziwa, mayiyunso akuchidziwa. Salakwitsa kanthu, sayembekeza pachabe, sakhulupirira bodza la munthu aliyense. Tsono ine ndikuti munthu wotere sanabadwe, ndipo kuti ndionetse chifukwa chake, ndibwereka muyeso kwa anzathu a filosofi ndi a saikoloji.

Funso lawo ndi lakale: kodi ndidziwa bwanji kuti mnzanga ali ndi maganizo monga ine, poti m'mutu mwake sindingalowemo? John Stuart Mill, mu 1865, adayankha mofanizira. Ine ndikaponda minga ndimamva kuwawa ndipo ndimafuula. Mnzanga, amene thupi lake ndi longa langa, akaponda minga nafuula, ndiye kuti nayenso wamva kuwawa. Yankholi ndi lomveka, koma likuima pa mboni imodzi yokha, ndiyo ine mwini. Makolo athu adaliona kale vutoli pamene adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Sadanene kuti tsidyalo kulibe. Adangoti pakati pali madzi.

A saikoloji adalitembenuza funsolo. Iwo adati: kaya zitheka bwanji, anthu amawoloka ndithu tsiku ndi tsiku, nanga mwana amayamba liti kuwoloka, ndipo tingamuyese bwanji? Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder, a ku Geneva, adafalitsa mu 1948 mayeso a mapiri atatu. Mwana amakhala kutsogolo kwa timapiri titatu toumba, chidole chili mbali ina, ndipo amamuuza kuti asankhe chithunzi cha zimene chidolecho chikuona. Ana aang'ono ankasankha zimene akuona iwo eni. Zili ngati munthu wa kumtunda kuumirira kuti phiri la Ntchisi limaoneka chimodzimodzi kwa munthu amene akuliyang'ana ali kunyanja.

Mayeso amene ndikuwafuna adabadwa pambuyo pake. Mu 1978 David Premack ndi Guy Woodruff adafunsa ngati nyani wa mtundu wa chimpanzi amazindikira kuti ena ali ndi zolinga. Nyani wawo, dzina lake Sarah, ankamuonetsa kanema wa munthu amene akuvutika kufikira nthochi, ndipo iye ankasankha chithunzi chosonyeza njira yothetsera vutolo. Wafilosofi Daniel Dennett, pamodzi ndi ena, adaona kuti umboniwo ngoperewera. Apa tidekhepo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ngati ine ndikudziwa kuti nkhuku yaikira m'nkhokwe, ndipo mlongo wanganso akudziwa, inu mukandifunsa kumene iye akapite kukatenga mazira, ndidzaloza kunkhokwe. Koma simungadziwe ngati ndawerenga maganizo ake kapena ndangonena kumene kuli mazira, popeza ziwirizi zagwera pamodzi. Muyeso weniweni umafunika pamene maganizo a munthu asiyana ndi choonadi. Amene angathe kunena chimene mnzake adzachita chifukwa chokhulupirira chinthu cholakwika, ameneyo ndiye wawolokadi.

Heinz Wimmer ndi Josef Perner adapanga muyeso wotere ku Austria mu 1983. Kamnyamata kotchedwa Maxi kaika chokoleti m'kabati ina nkupita kosewera. Mayi ake asamutsa chokoleticho nkuchiika m'kabati ina. Maxi akabwera, adzayang'ana kuti? Mu 1985, ku London, Simon Baron-Cohen, Alan Leslie ndi Uta Frith adaufewetsa pogwiritsa ntchito zidole ziwiri. Sally waika kampira m'dengu nkutuluka. Anne watenga kampirako nkukabisa m'bokosi. Sally wabwera: kodi kampira kake akafuna kuti? Ana ambiri a zaka zitatu amaloza bokosi, kumene kampira kalidi. Akafika zaka zinayi kapena zisanu amaloza dengu, ena akuseka, chifukwa aona kuti Sally wapusitsidwa. Wina angati izi ndi za ana a Azungu ozolowera zidole. Koma mu 1991 Jeremy Avis ndi Paul Harris adachita zofanana pakati pa Abaka a m'nkhalango za ku Cameroon, pogwiritsa ntchito chakudya chenicheni chimene ana adachisamutsa mwini wake atachokapo, ndipo kusinthako kudaonekanso pa msinkhu womwewo.

Tsopano tibwerere kwa mayi wa ku Bukavu uja. Tamufunsa mlembi kuti: mayiyu akafuna kuti mwamuna wake? Mlembi waloza bokosi. Iye adawerenga malipoti, akudziwa kuti msasawo udatsegulidwa mu 1994, kuti udakonzedwera anthu okwana 10,000 kapena kupitirira pang'ono koma adachuluka mpaka kupyola 50,000, ndiponso kuti alipo ana amene adabadwira pomwepo nakula mpaka kukwatira. Zonsezi ndi zoona, koma zili m'mutu mwa mlembi. Mayi amene watsika galimoto dzulo akadaloza dengu. Akadakhulupirira kuti akhala miyezi itatu yokha. Akadakana kubzala mtengo pakhomo, nati ndidyapo chiyani ine wapaulendo. Galimoto iliyonse yochokera ku Karonga akadaithamangira kukaona ngati mwamuna wake watsika. Ife owerenga, podziwa zimene iye sakudziwa, mtima ukadatiwawa popanda mlembi kutiuza kuti tilire. Chisoni cha m'nkhani chimakhala pa mpata umene uli pakati pa dengu ndi bokosi. Mnzathu adautseka mpatawo, ndipo chimene chidatsala ndi lipoti lovala chitenje.

Nzodabwitsa kuti ife ophunzira tikulephera pamene agogo athu sankalephera. Taganizani nthano ya Kalulu amene adauza Njovu kuti akokane chingwe, nakauzanso Mvuu chimodzimodzi, nkupereka nsonga imodzi kwa uyu, ina kwa uyo, iye nkukabisala patchire. Nthano yonseyo yaima pa zikhulupiriro ziwiri zolakwika. Njovu akuyesa kuti akukokana ndi Kalulu. Mvuu nayenso akuyesa chomwecho. Mwana womvetsera ayenera kusunga m'mutu mwake zinthu zitatu nthawi imodzi: zimene Njovu akuganiza, zimene Mvuu akuganiza, ndi zimene zilidi. Kamwana kakang'ono kamangoseka chifukwa anzake aseka. Tsiku limene kadzaseka pa nthawi yake, kasanamve ena, agogo amadziwa kuti nzeru zabwera. Mayeso a Sally tidali nawo pamoto kalekale, kungoti sitinkalemba zotsatira zake.

Mwa alembi athu, Legson Kayira adaugwira bwino mpata umenewu m'buku lake la 1974, The Detainee. Napolo ndi munthu wa kumudzi amene wanyamuka kukafuna chithandizo cha matenda ake, ndale sazidziwa, ndipo akuyenda m'dziko limene malamulo ake asintha iye osauzidwa. Owerenga amaona msampha iye asanauone. Kayira sadamubwereke Napolo nzeru zake za munthu wophunzira wokhala kunja. Adamusiya ndi umbuli wake, ndi ulemu wake wa kumudzi umene sukumuthandizanso, mpaka adagwa m'manja mwa omanga. Nchifukwa chake ndende ya m'bukumo imaopsa kuposa ndende za m'nkhani zathu, mmene omangidwa amalankhula ngati adawerenga kale mbiri ya Malawi yolembedwa pambuyo pa 1994.

Koma ndisakokomeze muyeso wa a saikolojiwu, pakuti uli ndi malire, ndipo malo oonetsa malirewo bwino ndi Dzaleka yemweyo. Kalulu amakhoza mayeso a Sally kuposa nyama zonse, komabe palibe amene angafune kumanga naye moyandikana. Kudziwa zimene mnzako akuganiza ndi luso la namwino, ndi lusonso la tsinzinantole ndi kazitape. Asanakhale msasa wa othawa nkhondo, malo aja adali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Banda, makamaka chichitikire kugawanika kwa nduna mu 1964 ndi kuukira kwa Chipembere mu 1965. Dzina lenilenilo anthu amalimasulira kuti ndi lonjezo la womangidwa: ndidzaleka. Ndiko kunena kuti boma silinkafuna thupi lokha, linkafuna mtima, ndipo lidali ndi muyeso wake wa mtimawo, ndiwo khadi la chipani. Pa msika, pokwera basi, pa chipatala, achinyamata a chipani ankafunsa khadi, ndipo wokhala nalo ankayesedwa wokhulupirika. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, adakana kuligula, ndipo kuyambira 1975 ambirimbiri a iwo adatsekeredwa ku Dzaleka. Taonani kupusa kwa muyesowo: wogula khadi chifukwa cha mantha, mtima wake uli kwina, ankakhoza, wonena poyera zimene zili mumtima mwake ankalephera. Boma lidayesa kuti likuwerenga mitima pamene linkangowerenga mapepala.

Alembi a nthawi imeneyo adapulumukira pa umbuli womwewo. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene lidayamba mu 1970, linkalemba pansi pa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo. Mlakatuli ankayenera kuwerenga mitu iwiri nthawi imodzi: aganize zimene wounika adzaganize kuti ndakatulo ikunena, aganizenso zimene mnzake womvetsera adzazindikire kuti iye akutanthauza. Nchifukwa chake ndakatulo zawo zidadzaza ndi anamzikambe, akhwangwala ndi mbandakucha. Koma nawonso ounika adaphunzira kuwerenga. Jack Mapanje, amene buku lake Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adamangidwa mu Seputembala 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Luso lidali limodzi mbali zonse ziwiri. Chosiyana chidali chimene aliyense ankafuna kuchita nalo.

Apa ndi pamene nkhani yachiwiri ya chaka chino, ija ya ndende yakale, idagwera. Omangidwa ake ndi anthu, koma mlonda wake ndi chilombo chabe: amamenya chifukwa ndi woipa, ndipo ndi woipa chifukwa amamenya. Mlembi sadafunse kuti mnyamata wa ku Mponela kapena ku Madisi, amene adapatsidwa yunifolomu ndi chibonga, ankakhulupirira chiyani. Kapena ankayesa ndithu kuti akuteteza dziko kwa zigawenga. Kapena ankaopa kuti akachita chifundo mnzake amunenera, mawa nkugona m'chitolokosi momwemo. Kumupatsa maganizo mlondayo si kumukhululukira. Ndi kuonetsa kuti nkhanza zija adazichita anthu onga ife, ndipo phunziro lowawa ndi limeneli.

Dzaleka wa othawa nkhondo alinso ndi mayeso ake a mtima. Wopempha chitetezo amakhala pamaso pa wofunsa mafunso, nthawi zambiri womasulira ali pakati, nafotokoza chimene adathawa. Wofunsayo ayenera kugamula ngati akunena zoona. Chizolowezi cha anthu tonse ndi kuganiza kuti wosintha mawu ndi wabodza. Koma mu 2002 Jane Herlihy ndi anzake adafunsa kawiri othawa nkhondo 39 a ku Kosovo ndi Bosnia amene adali atalandiridwa kale ku Britain, anthu opanda chifukwa chonamira, napeza kuti nkhani zawo zinkasiyana ndithu pakati pa kufunsa koyamba ndi kwachiwiri, makamaka pa tinthu tapambali ta zochitika zowawa kwambiri. Ndipo mu 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri, adapeza kuti anthu poyesa kusiyanitsa bodza ndi zoona amakhoza pafupifupi 54 pa 100 alionse, kungoposa pang'ono woponya ndalama m'mwamba. M'nkhani ya mnzathu muli chochitika chotere, koma mayi uja akufotokoza mwandondomeko, masiku onse ali pamzere, misozi ikugwa pamalo pake, ndipo wofunsayo akumukana chifukwa cha kuuma mtima basi. Bwanji mayiyo akadasokoneza Lachiwiri ndi Lachisanu? Bwanji wofunsayo akadakhala munthu wabwino, wotopa, amene akukhulupirira moona kuti wagwira wabodza? Pamenepo tikadakhala ndi anthu awiri oona mtima, aliyense akuloza dengu lake, ndipo owerenga yekha ndiye akuona bokosi.

Malire ena adawaloza Thomas Nagel mu 1974, pamene adafunsa kuti kukhala mleme kumamveka bwanji. Tingadziwe zonse za mmene mleme umapezera njira mumdima pomvera mawu ake obwerera, koma tikayesa kudziika m'malo mwake timangopeza munthu wolendewera chadodolido, osati mleme. Mayeso a Sally amafunsa kumene Sally akafune kampira. Safunsa mmene zimamvekera kutsegula dengu nkupeza mulibe kanthu. Funso lachiwirili ndilo munda wa mlembi, ndipo silikhala ndi yankho la kuloza ndi chala.

Tisaiwalenso kuti mtsinje uli ndi magombe awiri. Mayeso a 1985 aja adapangidwira ana a autism, ndipo 16 mwa ana 20 otere adaloza bokosi. Kwa zaka zambiri anthu adati ana amenewa ndi akhungu pa maganizo a ena. Mu 2012 Damian Milton, katswiri amene iye mwini ali ndi autism, adabweza funsolo: nanga inu oyesa, mumawamvetsa iwo? Anthu awiri osiyana akalephera kumvana, kulepherako ndi kwa onse awiri, koma wamphamvu ndiye amalemba lipoti. Ku Dzalekanso nchimodzimodzi. Mu Meyi 2023, pamene boma lidagwira othawa nkhondo okhala m'mizinda nkuwabwezera ku msasa, tidamva zambiri za zimene Amalawi amaganiza za iwo; zimene iwo amaganiza za ife tidamva zochepa. Chikhalirecho iwo adawoloka kale kubwera kwathu. Ana awo amalankhula Chichewa pamwamba pa Chiswahili, Chirundi kapena Chinyarwanda, ndipo ali ndi alakatuli awoawo. Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, wochokera ku Lubumbashi, adayambitsa mu 2014 chikondwerero cha Tumaini mkati mwa msasa momwemo, ndipo dzinalo m'Chiswahili ndi chiyembekezo. Mwa alembi athu atatu aja, ndi angati adakwerapo minibasi ya ku Dowa, natsika pa Dzaleka, nakhala pansi kumvetsera?

Pomaliza ndidzichenjeze ndekha, pakuti ife a zolembalemba timakonda kudzitama kuti mabuku amafewetsa mitima. Mu 2013 David Kidd ndi Emanuele Castano adalengeza kuti kuwerenga nkhani zopeka zolembedwa mwaluso kumathandiza munthu kukhoza mayeso ozindikira maganizo a ena poyang'ana zithunzi za maso okha. Tidakondwa. Koma mu 2016 ena atabwereza kafukufukuyo sadapeze zomwezo. Choncho sindikulonjeza kuti nkhani yabwino idzasintha lamulo kapena kuchepetsa mzere wa pa mjigo. Ndikungoti nkhani imene anthu ake alibe maganizo awoawo imachita chimene khadi la chipani linkachita: imaika pepala pamalo pa mtima, ngakhale cholinga chake chili chachifundo.

Kwa mnzathu mlembi, pempho langa ndi laling'ono. Musataye nkhaniyo, mphepo ija, zigubu zija ndi tinjira tija zisiyeni momwemo. Koma tengani pensulo, ndipo pa chiganizo chilichonse chimene mayiyo akunena dzifunseni kuti: wamuuza ndani? Chimene sadauzidwe chichotseni m'kamwa mwake. Mpatseni chinthu chimodzi chimene akuchikhulupirira ndi mtima wonse koma ife tikudziwa kuti si choona, ndipo mumulole achitepo kanthu. Mpatseninso chinthu chimodzi chimene iye akudziwa koma inu simungachifotokoze mpaka pansi, chifukwa munthu amene mlembi wamuona mbali zonse watha kukhala munthu. Mukatero mudzatiwerengerenso Lachinayi lina. Kapena m'manja simudzawombedwa msanga monga tsiku lija, pakuti anthu adzayamba akhala chete kaye.